Ngolo Ikagwa Mlandu Ndi Wathu

Ife tikulemba izi ndife madalaivala a mathiraki okoka ngolo. Mafuta amene mumathira m'galimoto, feteleza amene mumadikira mvula isanagwe, mchere ndi tirigu, ndife timakazitenga ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Fodya, tiyi ndi shuga zikamapita kunja, onyamula ndife. Tadandaula pakamwa m'magalaja ndi m'maofesi mpaka malovu kuuma, ndipo palibe chasintha. Talemba kuti mabwana athu eni magalimoto, akuluakulu oona za pamsewu ndi anthu onse amve zimene zimachitika pakati pa mutu wa thiraki ndi ngolo yake.

Ambiri sadziwa kuti mutu ndi ngolo zimagwirana pamalo amodzi okha. Kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa matayala, pali mbale yachitsulo yokhala ndi mpata, imene timaitcha fifth wheel. Kunsi kwa ngolo kuli kachitsulo kotchedwa kingipini, ndipo pa ngolo zambiri kukula kwake ndi mainchesi 2 basi. Mutu ukabwerera m'mbuyo, kachitsuloko kamalowa mumpata muja, mano achitsulo n'kukagwira, chogwirira n'kudzitseka. Lamulo limalola thiraki yaikulu ndi katundu wake kulemera mpaka matani 56, ndipo zonse zimene zili kumbuyo kwathu zimakokedwa ndi kachitsulo koti munthu akhoza kukafumbata ndi dzanja limodzi. Moyo wathu uli pamenepo, komanso moyo wa aliyense amene akuyenda m'mbuyo mwathu.

Mbale imeneyi imafuna girizi. Ikauma, chitsulo chimakanda chitsulo chinzake, chiwongolero chimalemera, ndipo pakona ponyowa mutu umakana kukhota, umangofuna kupita kumene ngolo ikukankhira. Tikapempha girizi pagalaja amati watha. Timagula tokha, kuchotsa pa ndalama ya nsima ya panjira. Fumbi ndi mchenga zikalowa m'girizi wakale zimadya mano aja pang'onopang'ono, ndipo umayamba kumva kugogoda kumbuyo kwa mpando, ponyamuka gu, poima gu. Ukanena, makaniko amangokhwimitsa bawuti n'kukuuza kuti upite, zikakonzedwa ulendo wina. Kambedza kotsekera chogwirira kakathyoka satipatsa kena. Ena a ife tikuyenda mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera ku Durban chogwirira chili chomangidwa ndi waya kapena mphira wa chubu.

Kulumikiza ngolo ndi ntchito yofuna kudekha. Umayamba waona ngati ngolo yaima pamlingo wa mbale, umabwerera pang'onopang'ono, umamvera kuti mano atseka, umatsika ndi tochi n'kusuzumira kunsi kuti uone ndi maso ako, kenako umakoka pang'ono ngolo ili pa buleki kuti utsimikize. Ukatero umalumikiza mapaipi a mpweya, lofiira ndi lachikasu, ndi nthambo ya magetsi, n'kupukusa miyendo mpaka ikwere yonse. Koma m'madepoti ambiri mulibe nyale, kumbuyo kwako anzako akuimba hutala, foni ikulira, bwana akufunsa chifukwa chake sunatuluke. Ngolo ikakhala yokwera kwambiri, kingipini amatha kudumpha mbale, ngolo n'kudzagunda kumbuyo kwa kabini. Nthawi zina amangokhala pamwamba pa mano, ndipo mumdima zimaoneka ngati zagwirana.

Amene anaonapo ngolo ikupululuka saiwala. Mutu umathamangira kutsogolo wokha, mapaipi amakokeka n'kuduka, mpweya uli phuu, kenako chiphokoso chimene chimagwedeza nthaka ngolo ikugwa chamutu. Miyendo imapindika, zingwe za tenti zimaduka, matumba akutsogolo amaphulika, feteleza mbwee pansi. Zikachitikira pageti timathokoza Mulungu, chifukwa zikachitikira pamsewu minibasi ili m'mbuyo, ndi maliro a mabanja ambiri. Palibe amafunsa kuti mano aja anasinthidwa liti kapena kuti kingipini anayezedwa liti. Funso limakhala limodzi: "Dalaivala anali ndani?"

Miyendo ya ngolo nayo ili ndi zake. Chopukusira chinasowa kalekale pa ngolo zambiri, timachita kubwerekana. Miyendo ina inauma moti anthu awiri amatuluka thukuta kuti ikwere, ndipo ikapanda kukwera yonse imakagunda pa hampu kapena panjanji. Malo amene amatiuza kuti tisiye ngolo ndi dothi. Nthawi ya dzinja miyendo imatitimira m'matope usiku, m'mawa n'kupeza ngolo yagwada, mutu sungalowenso kunsi. Timapempha matabwa ndi majeke kwa anzathu, tsiku lonse n'kutha tili m'matope. Zikakanika pamabwera kireni, ndipo mtengo wa kireni umakachotsedwa pa malipiro a munthu amene sanasankhe malowo.

Ngolo timasinthasintha. Lero wakoka iyi, ulendo wina akupatsa ina imene sukuidziwa mbiri yake. Paipi lachikasu likamatulutsa mpweya, kapena mabuleki a ngolo akatha, mutu ndi umene umagwira wokha. Pamalo osalala sizioneka. Zimaonekera potsika Chiweta, kapena potsika Thabwa kupita ku Chikwawa, pamene katundu yense akukukankha ndipo fungo la mabuleki opsa lalowa m'kabini. Matayala a mutu akangoterereka, ngolo imaukankhira kumbali, thiraki n'kupindika ngati mpeni wa m'thumba. Ngolo yopanda katundu nayo siidalirika, mvula ikagwa imavina kumbuyo ukangoponda buleki. Tikakana kunyamuka ndi ngolo yotere, amatiuza kuti panja pali anyamata ambiri a malaisensi amene akufuna makiyi omwewo.

Anyamata amenewo timawamvera chisoni. Munthu walandira laisensi ya EC ataphunzira ndi ngolo yopanda kanthu pabwalo, mawa lake akupatsidwa katundu wodzadza kuti apite ku Dar es Salaam, popanda wamkulu wokhala naye pambali. Palibe anamuuza kuti matayala a ngolo satsata pamene padutsa matayala a mutu, amadula kona, ndipo akabaza amene aima pakonapo saoneka pagalasi. Palibe anamuonetsa kubwerera m'mbuyo malo opanikizika. Amaphunzirira pamsewu, pakati pa anthu, ndipo akamadutsa pa Lizulu tsiku la msika, mbatata ndi kabichi zili m'mphepete mwa phula, amayi ndi ana akuwoloka, ife amene tikumudziwa mtima umakhala m'mwamba.

Katundu sitikweza ndife, koma pasikelo amene amaima ndi ife. Akaunjikidwa kutsogolo, matayala a mutu amalemedwa ndipo sikelo imatigwira ngakhale kulemera konse kuli bwino. Akaunjikidwa kumbuyo, mutu umapepuka, matayala amapalasa pokwera phiri. Tikanena podepoti amati tikuchedwetsa mzere. Pasikelo timamasula tenti, kufuna aganyu, kusuntha matumba a makilogalamu 50 limodzilimodzi padzuwa, kumanganso zingwe, n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Aganyuwo timawalipira m'thumba mwathu, ndipo za chindapusa timakakangana nazo kuofesi mwezi wathunthu.

Pachipata cha Mwanza, pa Dedza, pa Songwe, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge timagona masiku kudikira mapepala. Kugona kwake ndi kwa diso limodzi. Akuba amadula mapaipi a mpweya, amamasula nyale za ngolo, amang'amba tenti, amapopa dizilo. Alipo ena oipa mtima amene amasolola chogwirira cha fifth wheel usiku, kuti m'mawa ukamanyamuka ngolo igwe iwo atole katundu. Mlonda timalipira tokha, madzi osamba timagula, pophikira timagula makala. Alawansi inawerengedwa ngati kuti tidutsa tsiku lomwelo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse za panjira zinakwera, koma alawansi ya ambiri a ife inatsala pomwepo. Mabwana amati zipangizo zadula chifukwa ndalama zakunja zikusowa. Tikudziwa kuti ndi zoona, koma nafenso tikawoloka malire timadya ndi ndalama zakunja zomwezo.

Thiraki ikafera m'tchire pakati pa Guro ndi Changara, timaika nthambi pamsewu n'kukhala pansi pa ngolo kuthawa dzuwa la ku Tete. Sungachoke, katundu angabedwe. Madzi amatha, foni imazima, chipangizo chimene akuti chatumizidwa sichifika. Kunyumba mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mayi akudwala, maliro a mbale aikidwa iwe kulibe. Ukafika, m'malo mwa pepani umapeza pepala la ndalama zimene achotsa: tayala, tenti, matumba onyowa, kuchedwa. Tili ndi anzathu amene anasiya zala pakati pa mbale ndi ngolo. Tili ndi ena amene tinakawatenga m'bokosi, ndipo akazi awo akuyendabe m'maofesi kufunsa za chipukuta misozi.

Mutikhululukire ngati mawu athu ayamba kuwawa, sitinazolowere kulankhula motere kwa akuluakulu. Koma zimatipweteka kumva pawailesi kuti ngozi yachitika chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala, pamene dalaivalayo ananena za mano otha miyezi yapitayo ndipo analibe kolemba kuti pakhale umboni. Zimatipweteka kuti girizi wa ndalama zochepa amasowa, koma ndalama ya kireni imapezeka tsiku lomwelo chifukwa itengedwa kwa ife. Mu 2021 mathiraki ataima masiku ochepa, mafuta anasowa m'mizinda ndipo aliyense anatikumbukira. Sitikondwera kuti tizikumbukiridwa motero. Ndife anthu, tili ndi ana, ndipo tatopa kusenza milandu ya zitsulo zimene si ife tinakana kugula.

Zimene tikupempha si zapatali. Mabwana, muziyeza kingipini ndi mano a fifth wheel nthawi ndi nthawi, zotha muzisintha. Ikani buku pagalaja loti dalaivala azilembamo vuto, makaniko n'kusainira, ndipo munthu asachotsedwe ntchito chifukwa wakana ngolo yopanda mabuleki. Tipatseni girizi, tochi, matabwa ndi chopukusira, komanso mphindi zochepa zoti tilumikize ngolo mosathamangitsidwa. Mnyamata watsopano ayambe wayenda ndi wamkulu asanapatsidwe makiyi. Inu oyeza magalimoto, musamangoona matayala ndi nyale, muzisuzumiranso kunsi kwa ngolo. Pakachitika ngozi, mufufuze galaja ndi depoti musanamange dalaivala. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mathiraki amene tikunenawa ali pamsewu lero lino, ndipo akudutsa pamisika ndi pasukulu pamene pali ana anu ndi athu.