Kodi Lundazi Akumbukira Yani?

Mlendo ali yense wofika pa Boma la Lundazi amayamba kumuonetsa nyumba ya njerwa yochedwa Castle, imene inamangidwa pakati pa 1948 ndi 1952 mofanana ndi malinga a mafumu akale a ku Ulaya. Dzina la mwini nzeruyo, Bwana D.C. Errol Button, liri m'mabuku a alendo. Koma amene anaponda dothi, naumba njerwa, nasenza mitengo ya denga, ndani angawachule? Nyumbayo ndi yokongola ndithu, ndipo iyenera kusungidwa. Colakwa ndi cakuti dziko la mafumu onga Mwase, Magodi, Mphamba, Zumwanda ndi Chikomeni lidziwike ndi nyumba yogonamo alendo, ngati kuti mbiri yace inayamba ndi Mzungu mmodzi.

Ku Lukusuzi nkhani iri yomweyo. Mu 1972 Boma linalamula kuti thengo la kumeneko likhale National Park, ndipo malire ace analembedwa bwino pa mapu, kotero kuti zinyama ziri ndi malo ao ndi alonda ao. Nzabwino zimenezo. Koma dziko ili la kum'mawa kwa Luangwa liri ndi mbiri ya anthunso. Mu 1831 Mpwitikizi wina, dzina lace Gamitto, anadzera m'menemo pocokera ku Tete kunka kwa Mwata Kazembe wa ku Luapula, nalemba za Amaravi, Acewa ndi Atumbuka m'buku limene linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854. Wopita njira akumbukika cifukwa analemba. Eni midzi imene anagonamo aiwalika. Akulu amati mlendo ndi mame, koma kuno mame ndiwo akhalitsa.

Coposa zonse ndi caka ca 1964. Pa 3 August, itatsala miyezi yosakwana itatu kuti dziko lilandire ufulu, anthu a Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina anathira nkhondo pa Boma la Lundazi, napha anthu ambiri. Asilikari anakantha mudzi wao wa Chipoma, ndipo pa 7 August anthu 46 a Lumpa, amuna, akazi ndi ana, anaphedwa ndi anansi ao pa mudzi wa Paishuko. Kuwerenga pamodzi ndi a ku Chinsali, akufa onse anaposa 700. Ndi camanyazi kuti mwana aloweze zaka za nkhondo za ku Ulaya, koma za mwazi wokhetsedwa kwao azimva m'manong'onong'o.

Ena amati kuimika ciliza ca anthu amenewa ndiko kutokosa cironda. Onena cotere aiwala mwambo wa makolo. Kwa Acewa maliro satha pa tsiku loika. Pamakhala kumeta, pambuyo pace mowa wa bona, ndipo apo mpamene anamfedwa amapumula. Maliro osatsirizika ndiwo amasautsa mudzi. Ciliza siciweruza mlandu. Cimangochula maina, la wa Lumpa, la wa UNIP, ndi la iye amene anafa osadziwa comwe akufera. Enanso amati ndalama zipite ku mankhwala ndi ku zitsime. Nzoona kuti zimenezo zifunika, koma mwala umodzi ndi matumba owerengeka a simenti sizingasaukitse anthu amene amamanga machalichi ndi masukulu ndi manja ao.

Cotero nchito iyi siyenera kudikira a National Heritage Conservation Commission. Amene anali anyamata ndi anamwali mu 1964 apitirira zaka 70, ndipo caka ndi caka alikucepa. Ophunzira amene atsiriza sukulu atenge kope ndi pensulo, akhale pansi pamaso pa agogo ao, alembe maina a akufa, a omanga Castle, a midzi yakale ndi a madooko. Zolembazo apite nazo kwa mafumu ndi ku Khonsolo. Ndipo za manda a mafumu, eni ace ndiwo anene poyenera kuimika mwala. Mau a pa mwalapo alembedwe m'Citumbuka ndi m'Cinyanja, osati m'Cingerezi cokha, kuti mai wocokera kumunda athe kutula mtolo wace, nawerenge dzina la atate wace.