Akalandira kemo, agone ku Mpilo kapena kunyumba?

Mankhwala a khansa ya m'magazi, omwe ambiri amangoti kemo, sasankha. Akamapha maselo a khansa m'mafuta a m'mafupa, amaphanso asilikali a m'thupi otchedwa neutrophil, ndipo chiwerengero chawo chimatsikiratu pakatha masiku 7 mpaka 14. M'masiku amenewo kachilombo komwe munthu wathanzi sangakamve n'komwe kangaphe wodwala usiku umodzi. Dokotala Gerald Bodey anasonyeza mu 1966 kuti asilikaliwa akamachepa, matenda oopsa amachuluka. Lero madokotala amati akatsika pansi pa 500, thupi n'kutentha kufika madigiri 38, wodwala alandire maantibayotiki a m'mitsempha ola lisanathe, osadikira zotsatira za ku labu.

Nanga masiku oopsawa wodwala wa ku Bulawayo akhale kuti?

Onena kuti abwerere kunyumba ali ndi zifukwa zomveka. Zipatala za Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals zimalandira odwala ochokera ku Matabeleland konse, ndipo m'wodi ya anthu ambiri mumakhala wotsokomola, wa chilonda cha mafinya, wotsegula m'mimba. Tizilombo ta m'zipatala, monga Klebsiella, nthawi zambiri timakhala titazolowera mankhwala, kotero kuti kutenga matenda pa bedi la chipatala n'koopsa kuposa kuwatengera kwanu. Kunyumba wodwala amadya nsima yotentha, amagona tulo, ndipo banja silipitiriza kulipira bedi ndi thiransipoti ya tsiku ndi tsiku. Ndalama ikatha anthu amasiya chithandizo pakati, khansa n'kubwerera. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yolemera.

Koma kunyumba kwake n'kuti? Apa m'pamene Bulawayo imasiyana ndi mizinda yomwe malangizo ambiri a madokotala amalembedwera. Madamu monga Umzingwane ndi Upper Ncema amaphwa kawirikawiri, ndipo mu 2020 khonsolo inkatseka madzi maola 144 pa sabata. Chaka chomwecho anthu oposa 10 anamwalira ku Luveve ndi matenda a m'mimba atamwa madzi oipa. Mayi wa ku Sizinda kapena Makokoba, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, akauzidwa kuti mwana azisamba m'manja pafupipafupi ndi kutsuka m'kamwa akadya, amakumbukira chigubu chomwe chakhala pakhomo masiku anayi ndi chimbudzi chosagujumula. Kemo imatupula zilonda m'kamwa ndi m'matumbo, ndipo tizilombo ta m'mimba mwa wodwala mwini, monga E. coli, timadutsira pamenepo kulowa m'magazi. Ukhondo sungatseke njira imeneyo, koma madzi akuda amaikulitsa.

Chachikulu kwenikweni ndi mtunda. Wokhala ku Mzilikazi angathe kufika ku Mpilo wapansi. Wa ku Cowdray Park, thupi likatentha pakati pa usiku, kombi saipeza. Wa ku Binga ali makilomita oposa 400 kuchokera mumzinda, ndipo kumutumiza kwawo sabata yachiwiri ya kemo n'kumuika pa ngozi yomwe ikanapeweka. Palinso chizolowezi chathu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri: thupi likatentha timapereka panado n'kudikira kuti kuche. Panadoyo amatsitsa kutentha, n'kubisa chizindikiro chokhacho chomwe wodwalayo anali nacho, chifukwa thupi lopanda asilikali silitupa kapena kupanga mafinya.

Bungwe la WHO linanena mu 2018 kuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azichira. Sitidzafikapo pongogula kemo yambiri. Mwachitsanzo, madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasankha kupereka kemo yocheperako mphamvu podziwa kuti thupi lofooketsedwa kwambiri limafuna chisamaliro chomwe panalibe.

Ine ndikuona kuti funso loyamba la dokotala asanatulutse wodwala likhale la maola ndi madzi, osati la bedi lokha. Amene angafike ku chipatala ola lisanathe, ali ndi choyezera kutentha kwa thupi, madzi owiritsa ndi nambala yoimba usiku, apite kwawo. Amene alibe zimenezi asungidwe m'chipinda chapadera kapena m'nyumba yoyandikana ndi chipatala kufikira magazi atakwera. Ndipo aliyense apatsidwe khadi lolembedwa kuti ali pa kemo, kuti akafika pa geti usiku asaime pamzere.