Mau a pa Banja: Mphika wa Wothamanga m'Mapiri

Inu makolo a ku Mpamba, mwana wanu akayamba kulawirira mbandakucha kukathamanga m'mapiri a Kandoli, musamuyese wamisala. Ku Mulanje anyamata ndi atsikana apikisana m'mwezi wa July pa ulendo woposa makilomita 20, kuchokera pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudzera ku Lichenya ndi kutsikanso. Liwiro lotere lifuna mphika wabwino.

Nsima ya kondowole ipatsa mphamvu, koma siimanga thupi, pakuti chinangwa chisowa zomanga minofu. Chifukwa chake ikaniponi usipa, nyemba kapena mtedza, ndi chigwada, zimene zionjezeranso magazi, makamaka kwa atsikana, amene magazi awachepera msanga. Mphamvu imene thupi lisunga siipitirira maola 2 a liwiro. Tsono atenge nthochi, mbatata yophika ndi madzi oikamo kamchere. Pobwera adye msanga phala kapena mpunga wa ku Limphasa, ndipo agone tulo tokwanira.

Koma imvani ichinso. Wothamanga wanjala akwiya msanga, asowa tulo, nataya mtima. Ndipo akafika wotsiriza, mau onyoza pa mkeka wodyera amlasa koposa mwala wa m'njira. Musamseke. Mtenthetsereni madzi osamba, idyani naye pamodzi, mumfunse za njira yake. Akakhala duu masiku ambiri, kapena akamakana chakudya kuti apepuke, pitani naye kuchipatala.

Paulo Woyera anafanizira moyo wa Mkhristu ndi mpikisano wa liwiro. Tonsefe tidagwapo m'menemo, ndipo Ambuye sanatidzutse ndi chitonzo.