Kukhuta Nsima Sikudyetsa Thupi Lonse

Pakati pa ife Amalawi pali chizolowezi chakalekale chonena kuti munthu amene sanalawe nsima wagona ndi njala, angakhale atadya mbatata, nthochi ndi nsomba. Ndipo ine, amene ndinakulira nsima yomweyo, sindifuna kunyoza chakudya cha makolo athu, koma kudandaula kuti tachilemekeza kufikira kuyesa ndiwo chinthu chongotsitsira mbamu kukhosi.

Taonani zimene chimanga chimaona chisanafike m'mbale. Amayi amachikonola, napeta madeya ndi kupatsa nkhuku ndi nkhumba, naviika mphale m'madzi masiku angapo kuti ufa uyere mbee. Koma mafuta ndi mavitamini ambiri amene Namalenga anaika m'njere apita ndi madeyawo, kotero kuti chiweto chinenepa pamene mwana wa mwini khola atsala ndi zokhutitsa zokha. Mgaiwa, umene ena amauyesa ufa wa amphawi, ndiwo wosunga zofunikazo.

Ngakhale mgaiwawo sukwanira paokha. M'chaka cha 1990, pamene mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa kwa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, anthu oposa 17,000 anagwidwa ndi nthenda ya pellagra, imene imathetheula khungu loombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Pakuti vitamini wotchedwa niacin, amene kusowa kwake kumabweretsa nthendayi, ndi womangika m'chimanga, ndipo thupi lathu limalephera kumutapa bwino. Anthuwo chimanga anali nacho, chinawachepera ndi mtedza.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbirako, kumene kumayamba mwana ali m'mimba kufikira atakwana zaka ziwiri, sikufupikitsa msinkhu wokha, komanso kumafooketsa ubongo ndi mphamvu yolimbana ndi matenda. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa makomo a ana amenewa ndi omwe amalima mtedza ndi soya, naweta nkhuku, koma zonse zithera kwa mavenda, ndipo phala la mwana lingothiridwa mchere.

Chonde, inu abambo amene mumasunga makiyi a nkhokwe ndi chikwama, musanakweze thumba lotsiriza la mtedza panjinga, siyirani mayi wa m'nyumba gawo losinja nsinjiro za phala la mwana, ndipo dzira lina lilowe mumphika.