Chitenje pa khola la mbalame: chifundo kapena maliro?

Mlandu wa sabata ino wachokera ku mabenchi a tomato mu msika wa Limbe, kumene mayi wina ndi amuna awo akhala akukokanakokana chiyambire chisanu. Ati mlamu wawo wa ku Namiwawa posamuka anawasiyira timbalame tiwiri tobiriwira, tija timakhala tikunong'onezana ngati chibwenzi chatsopano, azungu amati lovebird. Mayi akuti kukada khola lifunditsidwe bulangete chifukwa ku Bangwe kumazizira. Bambo akuti iyayi, mbalame za kutchire amazifunditsa ndani? Zafika poti wina akafunditsa, wina amadzuka pakati pa usiku kukavundukula. Poti m'misika mwathu muno oweta mbalame achuluka, wa zinziri, wa nkhunda, wa nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba ya lendi, ndati nkhaniyi tiizengere pabwalo aliyense atolepo zake.

Tiyambe ndi bambo, chifukwa funso lawo likumveka lanzeru koma lili ndi chibowo. Timbalame ta mtundu umenewu tili ndi abale awo konkuno kwathu. Ku nkhalango ya Liwonde kuli kena kobiriwira thupi, kofiirira kumaso, kamene mzungu wina dzina lake Shelley anakatcha dzina la mayi Lilian Sclater m'chaka cha 1894. Mwana wa kwathu konkuno, Dr Tiwonge Mzumara, anatha zaka akukatsata m'nkhalangomo. Kodi mukuganiza kuti kukada kamagona pa nthambi poyera, mphepo ikukawomba? Ayi ndithu. Timalowa m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, tingapo mphako imodzi, mumdima, kumene kadzidzi sangatione. N'chifukwa chake otentha makala akagwetsa tsanya, timbalameti timasowa pogona ngakhale chakudya chili mbwee. Tsono mbalame ya kutchire imadzifunditsa yokha, bambo. Imene ili m'khola la waya pa balaza panu ilibe mphako, ikudikira inu.

Koma mayi musayambe kululutira. Mphako ya tsanya ili ndi khomo lolowera mpweya, ndipo mulibe mbaula.

Chimene mbalame imafuna kwenikweni usiku ndi mdima ndi bata, kufunda kumabwera pambuyo. Thupi lake limatentha kale kuposa lathu: ife tili pa madigiri 37, iyo ili pa 40 kapena 41, ndipo nthenga zake ikazifufumitsa ndi jekete loposa la pa kaunjika. Kuzizira kwa mu Kabula muno, ngakhale chiperoni chitatsika kuchokera ku phiri lake lija la ku Mozambique, sikungaphe mbalame yathanzi imene ili m'nyumba. Chimene chimaidwalitsa ndi mphepo yolowera pa zenera losweka n'kumaiwomba usiku wonse, kapena kunyowa ndi kamvula ka mawawa kaja ngati khola lili pakhonde.

Nanga mdimawo? Apa ndi pamene ife a geni timalakwira ziweto zathu osadziwa. Kwathu kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri. M'mwezi wa Juni usana ndi maola 11 ndi kanthu, 5 koloko ikangopitirira dzuwa lalowa kuseri kwa Michiru. Mu Disembala usana umafika maola 13. Mbalame inalengedwa kuti izigona dzuwa likalowa n'kudzuka kukacha, ndipo odziwa za timbalame ta m'nyumba amagwirizana kuti timafuna maola 10 mpaka 12 a mdima. Ndalama yathu yomweyi ikuchitira umboni: kwacha ndi tambala, m'bandakucha ndi mbalame youlengeza. Tsono taonani tsiku la wamalonda. Mwaweruka 6 koloko, mwalimbana ndi minibasi, nsima yapsa 8 koloko. Bambo ayatsa kanema kuonera mpira wa ku Ulaya umene umatha cha m'ma 11, chigoli chikalowa nyumba yonse kukuwa. Isanakwane 4 koloko mayi adzuka, ayatsa getsi, akuwerenga ndalama zokapikulira masamba ku Bvumbwe. Werengani nokha: kambalame kaja kagona maola asanu. Sabata, mwezi, miyezi itatu. Kenako mukudabwa kuti kayamba kuluma chala, kakulira mopanda mutu, kakudzizula nthenga. Chachikazi chikamaona kuwala kotalika chonchi thupi lake limayesa kuti ndi nyengo yoswana, chimangoikira mazira osalekeza mpaka mafupa kufooka, tsiku lina dzira kukanirira m'mimba. Ena amathamangira kunena kuti aneba achita nsanje. Si aneba, ndi getsi lanu lomwe.

Chigamulo changa tsono ndi ichi. Ngati muli ndi chipinda cha mdima chimene anthu salowamo usiku, ikani khola mmenemo, palibe chifukwa chofunditsira. Ngati nyumba ndi ya zipinda ziwiri ngati zambiri za ku Ndirande, Mbayani ndi Zingwangwa, pamene pa balaza ndi pomwe pali kanema, podyera ndi pogona ana, funditsani. Koma funditsani chitenje, osati bulangete, ndipo mbali zitatu zokha ndi pamwamba. Mbali imodzi, imene yayang'ana ku khoma, isiyeni mpata woti dzanja n'kulowa. Nthawi yake ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo kukacha pakhale wovundukula. Izi za kuthamangira ku msika n'kuiwala, mbalame n'kukhala mumdima mpaka madzulo osaona chakudya, ndi nkhanza zoposa kusafunditsa kumene. Mwana wa sukulu apatsidwe ntchito imeneyo asananyamule chikwama.

Akuluakulu anati chifundo chidapha nkhwali, ndipo pa nkhani ya mbaula mwambiwu ukugwira ndendende. Mvetserani bwino apa chifukwa sizikukhudza mbalame yokha. Mbalame sipuma ngati ife. Kuwonjezera pa mapapu ili ndi timatumba ta mpweya m'thupi monse, ndipo mpweya umadutsa m'mapapu mwake popumira mkati ndi popumira kunja pomwe. N'chimene chimaipatsa mphamvu zouluka, koma n'chimenenso chimaipha msanga mpweya ukakhala woipa. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ku migodi ya malasha ku Britain ankatsika pansi ndi kambalame kachikasu kotchedwa canary m'kakhola. Kakangogwa pa kamtengo kake amuna onse ankathawa, podziwa kuti wotsatira ndi munthu. Mwambo umenewu anauleka m'chaka cha 1986 atapeza makina oyezera mpweya. Tsono inu mu Julaye mwalowetsa mbaula m'nyumba, mwatseka chitseko, mwatsekanso mipata ya mazenera ndi nsanza, khola mwalikutira bulangete. Mukadzuka n'kupeza mbalame ili gada miyendo m'mwamba, musalire ndalama. Thamangani mukaone ana, tsegulani zitseko, ndipo amene akudandaula mutu, chizungulire kapena nseru mupite naye ku chipatala osadikira kuti kuche bwino. Mbaula yofunditsa nyumba ituluke panja anthu asanagone, khola lilipo kaya palibe.

Pa mndandanda womwewo ikanipo koyilo ya udzudzu, Doom wopopera chitseko chili chotseka, utsi wa fodya, nyali ya parafini yofuka, ndi mapoto aja osamata nsima akuda mkati amene adzadza m'mashopu a ku Limbe. Poto wotere akaiwalika pamoto wopanda kanthu amatulutsa nthunzi imene imagwetsa mbalame m'kanthawi kochepa. Khola ndi khitchini zisayandikane. Pepala la pulasitiki kapena thumba la feteleza musayerekeze n'komwe kufunditsira, amenewo ndi manda.

Chitenjecho chikhale chotani? Chopanda ulusi wolendewera, chifukwa timbalameti timakonda kutafuna, ulusi ukalowa m'mimba kapena kukola chala basi mwagula vuto. Chichapidwe sabata iliyonse. Ndipo pano pali nzeru ina imene oweta mbalame akale amaidziwa. Utitiri wofiira uja sukhala pa mbalame masana, umabisala m'ming'alu ya khola n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi. Ngati mbalame yanu ikudzikanda usiku koma mukaiyang'ana masana simuona kanthu, ifunditseni nsalu yoyera usiku umodzi. M'mawa yang'anani kunsi kwa nsaluyo. Mukaona timadontho tofiira toyenda, mwagwira wakuba. Tsukani khola ndi madzi otentha, timitengo tokhalapo musinthe.

Udzudzu nawo umaluma mbalame, makamaka m'miyendo ndi mozungulira maso mopanda nthenga, ndipo ndi umene umafalitsa nthomba ija imatupitsa nkhope za nkhuku ndi nkhunda nthawi ya dzinja. Mbalame zili ndi malungo awonso. Ronald Ross, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1902, anatsimikiza kuti udzudzu ndiwo umanyamula malungo poyesa pa mbalame mu mzinda wa Calcutta m'chaka cha 1898. Koma apa ndichenjeze: neti imene munalandira ku sikelo ndi ya mwana ndi mayi woyembekezera. Tatopa kuona maneti atatchinga madimba ndi makola a anapiye kwinaku ana akugona pamtetete. Gulani kawaya ka sefa ku hadiweya mukhome pa zenera kapena pa khola, nkhani yatha.

Mu Okutobala, pamene malata amalira okha ndi kutentha ndipo munthu umagona chitseko uli kuchilakalaka chotsegula, bulangete lisayandikire n'komwe. Kansalu kopepuka kotchinga mbali ya getsi n'kokwanira. Mukaona mbalame yayasamula kukamwa, mapiko yatambasula, dziwani kuti yapsa, chotsani zonse muipatse madzi. Zilipo zinanso zamantha, zoti mdima ukachita bii ndiye khoswe n'kudutsa padenga, zimadzidzimuka n'kumadzimenyetsa ku mawaya mpaka kuthyola nthenga. Zoterozo zisiyireni kampata koonera pang'ono. Ndipo mbalame imene sinafunditsidwepo chibadwire musangoigwetsera nsalu ngati mukugwira nkhuku ya alendo. Yambani mbali imodzi, mawa ziwiri, izolowere.

Tsopano inu a bizinesi, amene mbalame zanu si zokongoletsa balaza koma zolipirira fizi. Kwa inu nkhaniyi ndi yotembenuza. Nkhuku ya mazira ndi zinziri zimaikira bwino zikamaona kuwala maola 14 mpaka 16 pa tsiku. Dzuwa lathu silifika pamenepo ngakhale mu Disembala. Ndiye wina anamva kwa mnzake kuti mbalame amazifunditsa, 5 koloko wakutira kale khola la zinziri ndi ziguduli, mu Juni muno mmene usana wafupika kale, kenako akubwera pa benchi kudandaula kuti mazira achepa, mwina chakudya cha masiku ano n'chachinyengo. Mwazigoneka nokha, achimwene. Zimenezo zimafuna kababu kamodzi, ngakhale ka sola, koyaka maola atatu kapena anayi dzuwa litalowa, kenako muzimitse nazonso zigone. Kuyatsa usiku wonse n'kuwononga mayunitsi, ndipo zimayamba kujomphana. Ziguduli zikhale za mbali imene kukuchokera mphepo basi, pamwamba pa khoma pakhale mpata. Mukalowa m'khola m'mawa maso n'kuyamba kuwawa ndi fungo la zitosi, dziwani kuti mbalame zapuma zimenezo usiku wonse, chifuwa chili m'njira. Zinziri zilinso ndi khalidwe lake: zikadzidzimuka zimalumpha chowongoka n'kumenyetsa mutu kudenga, choncho usiku musamazilowere ndi tochi mwadzidzidzi.

A anapiye a nyama, inu ndiye mbaula simungaithawe magetsi akazima, poti sabata yoyamba amafuna kutentha kopitirira madigiri 30. Koma makala ayambe ayaka panja mpaka utsi utatha, ndipo chipindacho chikhale ndi popumira. Anthu ambiri ataya anapiye 100 usiku umodzi, osati ndi chitopa, koma ndi chikondi chotseka mabowo onse.

Za nkhunda sinditaya nthawi. Khola lake lili kale ngati mphako, zimalowa zokha. Tsekani khomo basi, ndipo mizati muikulunge lata kuti mphaka ndi khoswe aziterereka. Chitenje sichinaletsepo khoswe, njoka kapena linthumbwi. Kwa khoswe chitenje ndi makwerero.

Mawu awiri kwa amene akufuna kugula. Mnyamata akakupezani pa Mibawa kapena pa depoti ya Wenela ndi timbalame m'katoni, akunong'ona kuti n'ta ku Liwonde, mtengo wabwino, musatulutse chikwama. Kugwira, kugulitsa kapena kusunga mbalame ya kutchire yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama za kutchire ndi mlandu, ndipo lamulo lake analikhwimitsa mu 2017. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chija, cholankhula ngati munthu, si cha kwathu kuno, kwawo ndi ku nkhalango za ku Congo, Cameroon ndi maiko oyandikana nawo. Pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg mu 2016 maiko anagwirizana zoletsa malonda a zinkhwe zotere zogwidwa kutchire. Amene muli nacho kale mwa njira yake, dziwani kuti chimatha kukhala zaka 40 ndi kupitirira, mwina ndi chimene chidzalire maliro anu. Nachonso chimafuna mdima wake wa maola 10 mpaka 12. Kungoti chitenje chimatseka maso, makutu ayi. Zimene mumanena za apongozi getsi litazima, ndi pamene mumabisa ndalama za chipereganyu, chidzazilengeza chokha Lamulungu masana alendo a ku mpingo ali pa mpando.