Kukonzera ndani? Za galimoto ya achimwene ndi msewu wa kwathu kwa Changata

Pakati pa chaka cha 2023 achimwene anga anabwerera kumudzi kuchokera ku Johannesburg, kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuthandiza amakaniko pa galaja ina. Ndalama zimene anasunga anaitanitsira galimoto ku Japan. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa chipata cha Songwe, n'kudutsa dziko lonse mpaka kwathu kwa Changata, m'boma la Thyolo. Inali Honda CR-Z yofiira, ya zitseko ziwiri, yonyata ngati kamba. Tsiku limene inafika ana anaithamangira, amayi anaimba nthungululu, ndipo amalume ataizungulira kawiri anafunsa kuti, "Nanga thumba la chimanga lizikhala pati?" Tonse tinaseka. Lero ndikakumbukira funso lija ndimaona kuti amalume ndiwo anayamba kulemba nkhani ino, ine ndikungomaliza.

Sipanapite miyezi itatu achimwene anayamba kudandaula kuti galimotoyo ndi yaulesi. Amati maonekedwe ndi a mpikisano koma mtima ndi wa nkhuku. Usiku amakhala pakhonde ndi foni, kuonera pa YouTube anyamata a ku America ndi ku Japan amene anaika m'galimoto ngati yomweyi chipangizo chotchedwa supercharger. Maganizo anga, amene ndikufuna kuwateteza pano, ndi akuti kuika chipangizochi m'galimoto yokhala kwa Changata n'kulakwitsa. Sindikunena kuti kusintha galimoto n'koipa ayi. Ndikunena kuti kusintha kumeneku kukuyankha funso limene msewu wathu sunafunse.

Poyamba ndifotokoze za galimotoyi, pakuti n'kosayenera kutsutsa chinthu chimene sunachimvetse. Kampani ya Honda inatulutsa CR-Z m'chaka cha 2010 ndipo inasiya kuipanga mu 2016. Ndi ya mtundu wa haibulidi, kutanthauza kuti imayendera petulo ndi magetsi omwe. Ili ndi injini ya malita 1.5, ndipo pakati pa injiniyo ndi bokosi la magiya pali mota yaing'ono ya magetsi imene imathandiza kukankha ponyamuka ndi pokwera mtunda. Dalaivala akaponda buleki kapena akamatsika phiri, motayo imasanduka jenereta n'kumabwezera moto m'batire lalikulu limene lili kumbuyo. Zoyamba kutuluka zinali ndi mphamvu za akavalo zoposa pang'ono 120, ndipo za 2013 zinafika pa 130. Anthu okonda liwiro anati zimenezi n'zochepa, mwakuti mu 2014 nthambi ya Honda ya ku America yotchedwa Honda Performance Development inayamba kugulitsa supercharger imene inakweza mphamvuzo kufika pa 197.

Kagwiridwe ntchito ka supercharger sikachilendo kwa munthu amene anaonapo osula makasu. Moto wa makala umayaka pang'onopang'ono, koma wosula akapopa mvukuto umalilima mpaka chitsulo kufiira. Injini nayo imatentha petulo ndi mpweya. Supercharger ndi mvukuto wozunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo, ndipo imapanikizira mpweya wochuluka m'kati kuti petulo wochuluka apse nthawi imodzi. Apa pali mfundo imene ndikupempha owerenga aisunge: mvukuto sulenga moto, umangothamangitsa makala kuti athe msanga.

Achimwene ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka. Amati kwathu n'kumapiri, ndipo kumtunda mpweya umakhala wopepuka, choncho injini wamba imataya mphamvu pang'ono poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere. Zimenezi n'zoona. Amatinso pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kufika pa boma la Thyolo pamayenda malole olemera, ndipo galimoto yamphamvu imapitirira lole msanga, n'kubwerera kumbali kwake ngozi isanafike. Nazonso n'zoona. Chachitatu, chimene sanena mokweza koma ndimachimva, n'chakuti munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akumanga ndi kumasula magalimoto a eni ake amafuna tsiku lina kumanga yake, mmene iye akufunira, popanda bwana womuuza kuti usakhudze apo. Chifukwa chimenechi ndimachilemekeza kuposa zina zonse.

Komabe walira mvula walira matope. Supercharger siibwera yokha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndiye pamafunika chouziziritsa usanalowe m'injini. Pamafunika tizipangizo tatikulupo topopera petulo. Pamafunika kusintha malangizo a mu kompyuta ya galimoto kuti idziwe kuti mpweya wachuluka, apo ayi mapisitoni amatha kupsa. Kilatchi yakale imayamba kuterereka chifukwa siinapangidwire mphamvu zotere. Zonsezi zimagulidwa kunja ndi madola. Tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Mtengo umene achimwene anauwerengera pa pepala asananyamuke ku Joni unali utasanduka nthano pofika Khirisimasi. Ndipo lamba wa supercharger akaduka Lachitatu madzulo pa Makwasa, simungapite ku Limbe kapena ku Ndirande n'kukamupeza atapachikidwa pa msomali monga mmene mungapezere wa Corolla kapena wa Sienta.

Chachiwiri ndi mafuta. Injini yopanikizidwa mpweya imafuna petulo wabwino, wosapsa nthawi yake isanakwane. Akakhala wosayenera injini imagogoda, ndipo kugogodako kumaidya m'kati. Amene analipo m'zaka za 2011 ndi 2012, komanso ife amene tinaona mizere ya 2022 ndi ya kumapeto kwa 2024, tikudziwa zimene zimachitika mafuta akasowa m'dziko muno. Anthu amagona pa malo omwetsera mafuta, ndipo amene atopa amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene palibe anamuyeza kuti muli chiyani. M'masiku amenewo mwini haibulidi ndiye amaseka, pakuti malita ochepa amamufikitsa kutali. Toyota itatulutsa Prius mu 1997, ndi Honda itatsatira ndi Insight mu 1999, cholinga chinali chimenechi: kuyenda mtunda wautali ndi mafuta ochepa. Kugula haibulidi m'dziko losowa mafuta ndi nzeru. Kuiika mvukuto pambuyo pake kuli ngati kugula mbaula yosunga makala kenaka n'kuiboola pansi kuti moto uzioneka bwino. Achimwene amayankha kuti ukamayendetsa mofatsa mafuta sachuluka kwenikweni. Ndimawafunsa kuti, kodi alipo anagulapo supercharger kuti aziyenda mofatsa?

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndi msewu ndi anthu ake. Makanema amene achimwene amaonera amajambulidwa m'mabwalo a mpikisano, kumene kulibe mbuzi, kulibe njinga, ndipo oonerera amaima kuseri kwa mpanda. Msewu wochoka pa boma la Thyolo kulowera ku Makwasa ndi ku Thekerani ndi wokhotakhota, wokwera ndi kutsika pakati pa minda ya tiyi. M'mamawa muli amayi ndi abambo opita kukathyola tiyi, ana a sukulu oyenda atatuatatu, akabaza onyamula munthu ndi katundu wake yemwe, ndi anyamata okankha njinga zolemedwa ndi nkhuni kapena nthochi. Nyengo yachisanu chiperoni chikatsika, munthu suona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Tinaphunzira ku sekondale kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime umawirikiza kanayi. Lamulo limeneli silisintha chifukwa dalaivala ndi mwana wa kwathu kapena chifukwa ali ndi mtima wabwino. M'Chichewa mneni woti "thamangitsa" ali ndi matanthauzo awiri: kuchititsa chinthu kuti chithamange, ndi kupirikitsa. Amene amathamangitsa galimoto pa msewu wotere amathamangitsanso anthu, kuwachotsa pa msewu umene ndi wawo nawonso.

Pali usiku wina umene sindiuiwala. Munali mu February, mvula itagwa masiku atatu, ndipo amayi anadwala mwadzidzidzi. Tinawanyamula kuti tithamangire nawo ku chipatala cha Malamulo. Vuto loyamba linali kuwalowetsa: mpando wakumbuyo wa CR-Z ndi wokwana mwana kapena chikwama, choncho ine ndinadzipinda kumbuyoko ngati nsalu, amayi n'kukhala kutsogolo. Sitinayende ndi kilomita imodzi yomwe. Pamene madzi anakumba ngalande pakati pa njira, mimba ya galimoto inakhala pa dothi, matayala n'kumazungulira m'malere. Achimwene anaponda mafuta, injini inalira, matope anauluka, galimoto osasuntha. Amene anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza wa m'mudzi mwathu, amene anawakweza amayi pa njinga yake yamoto, ine nditakhala kumbuyo kuwagwira. Amayi anachira. Koma pobwerera m'mawa ndinapeza galimoto ikadali pomwe paja, anthu asanu ndi mmodzi akuinyamula ndi manja. Ndinadzifunsa kuti, ikanakhala ndi akavalo 197, akanatithandiza chiyani? Chimene chinasowa usiku uja sichinali mphamvu. Chinali mpata wa zala zinayi pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka.

Monga wophunzira chiyankhulo, mawu oti "mphamvu za akavalo" amandiseketsa ndi kundiganizitsa. Muyeso umenewu anaufalitsa ndi James Watt wa ku Scotland m'zaka za m'ma 1700, pofuna kuuza eni migodi ndi mafakitale kuti injini yake ya nthunzi ingagwire ntchito ya akavalo angati. Amayankhula ndi anthu amene anali ndi akavalo m'khola, amene amadziwa chimene kavalo mmodzi angakoke. Kwa Changata ambiri a ife sitinakhudzepo kavalo. Tinabwereka muyeso, ndipo pamodzi ndi muyesowo tinabwerekanso chilakolako cha eni ake. Kubwereka mawu si tchimo. "Galimoto", "injini" ndi "buleki" ndi obwereka ndipo anakhazikika bwino. Koma mawu obwereka timawapinda kuti agwirizane ndi lilime lathu, timawapatsa gulu la mayina ndi agwirizanitsi ake. Bwanji makina obwereka tisawapinde chimodzimodzi kuti agwirizane ndi nthaka yathu?

Chichewa chili ndi mneni wabwino wa ntchito imeneyi: kukonza. Timakonza njinga yowonongeka, timakonza ndiwo, timakonza m'nyumba alendo akamabwera, timakonza mlandu pabwalo. M'zonsezi kukonza n'kuika chinthu m'malo mwake kuti chithandize anthu. Ndipo mneniyu akalowa mu msintho womchitira amakhala "konzera", n'kubala funso limene makaniko aliyense ayenera kulifunsa asanagwire sipanala: tikukonzera ndani?

Galimoto ya achimwene ikufunika kukonzedwa ndithu, ndipo ntchito yake si yaing'ono. Ikufunika kukwezedwa pang'ono, mosamala kuti isayambe kupepera pokhota, monga amachitira amakaniko ambiri ndi magalimoto a ku Japan akangofika. Ikufunika chitsulo chotchinga kumimba, matayala ogwira m'matope, ndi mabuleki osakayikitsa potsika mapiri. Batire lake la kumbuyo limaziziritsidwa ndi mpweya umene kafani kamakoka, ndipo fumbi la mu October likatseka njira ya mpweyawo batire limatentha n'kufooka nthawi yake isanakwane. Munthu amene angaphunzire kuyeza batire lotere, kuliyeretsa ndi kusintha zigawo zake zofooka popanda kugwidwa ndi magetsi, sangasowe ntchito, pakuti ma Aqua, ma Prius ndi ma Fit a haibulidi achuluka m'misewu yathu ndipo onse akukalamba. Luso limeneli n'lovuta kuposa kumangirira chipangizo chogula kale potsatira kanema. Ngati achimwene akufuna kuonetsa kuti manja awo anaphunzira ku Joni, bwalo lake ndi limeneli.

Wina anena kuti galimoto ndi yawo, ndalama ndi zawo, nanga ine wa sukulu zikundikhudza pati? Akuluakulu amatinso mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambiwu umagwira pamene wofotedwayo ndi mwana yekhayo. Koma galimoto ya m'mudzi siikhala ya munthu mmodzi. Ndi imene imadzutsidwa usiku mayi akayamba kumva zowawa za uchembere, ndi imene imanyamula uthenga wa maliro, ndipo ikalephera kukhota pa kona imagwera anthu amene sanafunsidwe maganizo pamene supercharger imagulidwa. Amene akufuna mpikisano ali ndi ufulu wofuna bwalo lotchingidwa, lokhala ndi malamulo ake, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukaombera m'manja. Msewu wa ku minda ya tiyi si bwalo limenelo.

Tchuthi chapitachi ndinawauza achimwene zonsezi titakhala pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mphwanga, iwe umadziwa mawu, ine ndimadziwa injini." Ndinavomera. Chithunzi cha supercharger chikadali m'foni mwawo, ndipo sindinganame kuti ndinawagonjetsa. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atagona pansi pa galimoto ndi tepi m'manja, akuyeza mpata wa pakati pa mimba yake ndi nthaka, amalume ataima pambali akuwawerengera manambala.