Nkhondo ya Mpezeni ikudikira mlembi

February akamapita kumapeto, msewu wochoka pa boma la Mchinji kupita ku Mwami umadzaza malole a amuna ovala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja, ulendo wa ku Mtenguleni kukavina ingoma pa Ncwala. Ndikawaona ndimakumbuka mlembi wa ku America, Harold Lamb.

Lamb anayamba kutulutsa nthano za Khlit m'magazini ya Adventure mu 1917. Khlit ndi nkhalamba yodziwa lupanga, yoyendayenda m'zipululu za ku Asia, imene m'nthano ina inakasaka manda a Genghis Khan, mfumu ya Amongolo yomwe inamwalira mu 1227 itagonjetsa maiko kuchokera ku China mpaka ku Persia. Mu 1927 Lamb analemba mbiri ya mfumuyo. Mmodzi mwa anthu okonda nthano zake anali Robert E. Howard, yemwe pambuyo pake anapeka Conan, ngwazi imene ambiri kuno anaidziwira m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Chimene ndimamulemekezera Lamb n'chakuti Amongolo ake si zilombo. Ali ndi mayina, nzeru, mantha ndi abale.

Nanga ife tikusowa chiyani? Zwangendaba, mfumu ya Angoni, anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana, dzuwa litada masana. Mwana wake Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata, ndipo mbali ina ya anthu ake ndi Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni kuno. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anabwera ndi mfuti za Maxim. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Boma lathu lomweli la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, dzina la msilikali wa Angerezi.

Thomas Mofolo wa ku Lesotho anatenga mbiri yotere n'kupeka buku la Chaka, lomwe linatuluka mu 1925 m'Chisotho, ndipo dziko lonse likuliwerengabe. Kwathu Yesaya Chibambo anasunga mbiri ya Angoni, Samuel Ntara analemba za Msyamboza, mfumu ya Achewa ya ku Dowa imene inaona masiku amenewo. Anagwira ntchito yaikulu. Koma ine ndikulakalaka nthano yopeka, yaitali, ya m'Chichewa, yoti mwana wa sekondale aiwale nsima pofuna kudziwa ngati mnyamata wogwidwa kunkhondo adzaonanenso ndi mlongo wake.

Wolembayo asadzaime kumbuyo kwa chishango kokha. Agogo anga aakazi anali Mchewa, ndipo nkhondo imene iwo anaimva kwa makolo awo inalibe ingoma. Inali ya malinga, nkhokwe zotenthedwa, ndi anthu ogona m'mapanga a m'phiri la Mchinji. Ankasimba za mayi wina amene anatseka pakamwa pa khanda lake ndi dzanja usiku wonse, ankhondo akudutsa m'munsi mwa thanthwe. Akafika pamenepo agogo ankakhala chete, osanena ngati mwanayo kunamuchera. Mutu woyamba wa bukulo uyambire m'phanga limenelo.